Masiku Atatu pa Njinga, Kuchokera ku Dedza Mpaka ku Mua



M'dziko lathu lino njinga ndi chida cha ntchito. Imanyamula matumba a chimanga kupita ku chigayo, imanyamula odwala kupita ku chipatala, imadyetsa mabanja a anyamata a kabaza, ndipo ife akatekisi imatifikitsa ku nthambi zakutali za parishi kumene galimoto sizifika nthawi ya dzinja. Munthu akakwera njinga kwathu kuno, aliyense amadziwa kuti pali chimene chamudzutsa: malonda, matenda, maliro kapena msonkhano. N'chifukwa chake pamene gulu lathu linagwirizana zoyenda masiku atatu pa njinga m'misewu yafumbi ya m'mapiri a Dedza, popanda chokagulitsa kapena wodwala wokamuzonda, makolo ambiri anafunsa kuti phindu lake n'chiyani. Funsoli n'loyenera, pakuti njinga zambiri zimene tinakwera n'zimene zimabweretsa ndiwo pakhomo, ndipo kuzichotsa pa ntchito masiku atatu si nkhani yamasewera. Sabata ino ndikufuna kukufotokozerani m'mene ulendowo unayendera, kuti inu nomwe muweruze.

Tinalipo anthu 14: anyamata 8, atsikana 5, ndi ine wowaperekeza. Unali mwezi wa Ogasiti, sukulu zili pa tchuthi. Pakati pathu panalibe ndi mmodzi yemwe amene anayendapo ulendo wogonera pa njinga, atanyamula yekha zofunda, chakudya ndi ziwiya. Njinga zathu zinali zosiyana monga m'mene mabanja athu alili osiyana. Zinayi zinali zamagiya, zopepuka, zamatayala okhuthala, koma zopanda kaliyala. Zotsalazo zinali zija zakuda zodziwika m'midzi, zolemera, zopanda magiya, ndipo zambiri mwa izo zinali zobwereka kwa atate kapena kwa amalume.

Kutatsala sabata imodzi tinapita nazo zonse kwa bambo wina amene amakonza njinga pansi pa mtengo pa msika. Iye anakunga masipoko okhwefuka, anathira mafuta pa tcheni, ndipo anakana kutulutsa njinga ziwiri mpaka eni ake atagula mphira zatsopano za mabuleki. Anatiphunzitsanso kumata chubu: kupeza pobooka pochimiza m'madzi, kupala pamalopo, kupaka guluu, kudikira kuti aume pang'ono, kenaka n'kuika chigamba. Anatichenjeza kuti tisamabwezeretse chubu tisanapapase mkati mwa tayala, chifukwa munga umene waboola kawirikawiri umatsalira momwemo, ndipo umaboolanso munthu asanapalase n'komwe.

Aliyense ananyamula bulangete, juzi, mbale, kapu ndi botolo la madzi. Katundu wa gulu anali mapoto awiri, ufa, nyemba, mchere, shuga, masamba a tiyi, pampu, masipanala, machubu apadera, mabandeji ndi masikito oti tikagonemo kunyanja. Tinatenganso mankhwala othira m'madzi akumwa, popeza mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unatiphunzitsa tonse kuti madzi ooneka oyera si onse amene ali abwino. Zonsezi tinazimanga ndi malegeni, zolemera pansi, zopepuka pamwamba, mokoka zolimba, pakuti katundu wogwedera amakhotetsa njinga kumene mwini wake sakufuna.

Njira tinaisankha ndi cholinga. Njinga ya maonekedwe amene tikuwadziwa lero, ya magudumu awiri ofanana ndi tcheni choyendetsa gudumu lakumbuyo, inatchuka kuyambira mu 1885, pamene John Kemp Starley anapanga njinga yotchedwa Rover mu mzinda wa Coventry ku England. Mu 1888 John Boyd Dunlop anapanga tayala lopopa mpweya ku Belfast. Chaka chotsatira, mu 1889, ansembe a chipani cha White Fathers anafika kwa Mponda ku Mangochi, ndipo mu 1902 anatsegula mishoni ya Mua m'munsi mwa mapiri a Dedza. Kuchokera ku Mua anakwera phiri nakatsegula Bembeke mu 1910. Ife tinafuna kuyenda pakati pa malo awiriwa mobwerera, kuchokera pamwamba kutsikira kunsi, titayamba tazungulira ku Chongoni.

Tsiku loyamba tinanyamuka pa boma la Dedza 7 koloko m'mawa, kukuzizira koti zala zinkakanika kugwira mahandulo. Tauni ya Dedza ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe, ndipo ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere. Phiri la Dedza, limene linali litafunda nkhungu m'mawa umenewo, limafika mamita 2,198. Titangosiya phula n'kulowa msewu wafumbi wolowera kumpoto, phokoso la nthabwala linayamba kuchepa, aliyense maso ali pansi.

Msewu wafumbi uli ndi malamulo ake, ndipo munthu amawaphunzira ndi thupi. Pa mchenga, wokhotetsa mahandulo kapena wogwira buleki amagwa. Chofunika n'kupalasabe mofatsa, maso ali patsogolo, thupi litabwerera kumbuyo pang'ono. Pa timiyala tosakhazikika, manja ouma ndi mantha ndiwo amagwetsa, chifukwa njinga imafuna kuti uilole igwedezeke pang'ono pansi pako. Pamene msewu uli ndi makwinya osiyidwa ndi galimoto, tayala lopopa kwambiri limadumphadumpha n'kutopetsa msana, choncho tinaphwetsako mpweya pang'ono, osati kwambiri, kuopa kuti mwala ungatsine chubu. Tinaphunziranso kuyenda kumanzere mondondozana, kusiya mpata pakati pa njinga ndi inzake, ndi kuima pambali lole ikamadutsa mpaka fumbi litatsika. Dzuwa lisanafike pamutu, anthu atatu anali atagwapo kale pa mchenga, koma onse anadzuka akuseka.

Masana tinafika ku Chencherere, m'nkhalango ya Chongoni, ndipo tinasiya njinga m'munsi n'kukwera wapansi kukafika pansi pa thanthwe lalikulu. Dera la Chongoni lili ndi malo 127 a zojambula za pa miyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi. Akatswiri amati zojambula zofiira n'za Akafula, anthu osaka nyama amene ankakhala m'derali kalekale, ndipo zoyera n'za Achewa, zambiri zokhudza chinamwali cha atsikana ndi zilombo za nyau. Chimene chinandikhudza n'chakuti mwa achinyamata 13 aja, obadwira ndi kukulira m'boma lomweli, awiri okha ndi amene anafikapo pamalowa. Enawo ankangowadziwa ngati yankho la funso la mayeso. Tinaonanso maina a anthu olembedwa ndi makala pafupi ndi zojambulazo, ndipo mtsikana wina anafunsa ngati munthu angalembe dzina lake pa manda a agogo ake. Palibe anamuyankha.

Madzulo tinafika pa mudzi wina umene tinatumizako uthenga pasadakhale. Tinayamba takaonekera kwa anyakwawa, monga mwa mwambo. Anyamata anagona m'katchalitchi ka pamudzipo, atsikana anagona kwa mayi wina wachikulire amene anatibwerekanso nkhuni ndi mthiko. Pamoto usiku umenewo ndi pamene ulendo wathu unatsala pang'ono kuthera panjira.

Tsiku lonselo anyamata anayi a njinga zamagiya ankafika msanga pamalo alionse opumira, n'kumadikira nthawi yaitali akuzizidwa ndi mphepo. Womaliza nthawi zonse anali mtsikana wina wa zaka 19, wokwera njinga yakuda ya atate ake, amene pa chikweza chilichonse ankatsika n'kumakankha. Titatha kudya, mmodzi wa anyamata aja anayankhula mwaulemu koma mosabisa: "Akatekisi, ndi kayendedwe aka sitikafika ku Mua. Mawa tikamadutsa pa boma, amene akuvutika akwere minibasi, kapena abwerere kunyumba." Dzina sanatchule, koma aliyense anadziwa amene akunenedwa. Mtsikanayo anakhala chete kanthawi, kenaka anati: "Ngati ndikuchedwetsa gulu, Akatekisi, ndibwerera. Koma atate pondibwereka njingayi ananena kuti mapiri awa si a mwana wamkazi. Ndikakafika kunyumba mawa, ang'ono anga awiri sadzaloledwanso kupita kwina kulikonse."

Ndinapempha msungichuma wa gulu kuti amasule katundu yense n'kumuyala pansi, wa munthu aliyense patsogolo pa mwini wake. Pogawana katundu m'mawa uja, achinyamatawo anatsata kukula kwa makaliyala, ndipo zinkaoneka zanzeru. Tsono moto utawala pa milu ija, zinaoneka poyera kuti othamanga aja ananyamula mabulangete awo okha kumsana, pamene thumba la ufa ndi poto wamkulu zinali pa njinga ya womaliza uja. Nsima imene tonse tinali titangodya inakwera zitunda zonse za tsikulo pa miyendo yake. Pamalo athyathyathya kulemera kwa katundu sikumveka kwenikweni njinga ikangoyamba kuyenda, koma pa chikweza kilogalamu iliyonse imakwezedwa ndi miyendo ya wopalasa, ndipo wopanda magiya alibe njira yofewetsera ntchitoyo koma kutsika n'kukankha. Ku seminale tinkaphunzira kuti chilungamo pogawana ntchito chimayang'ana mphamvu ndi zipangizo za munthu aliyense, ndipo usiku umenewo phunzirolo linali litayalidwa pa dothi, lopanda wolitsutsa.

Tinagwirizana malamulo atatu. Loyamba, katundu wa gulu agawidwenso, ndipo a njinga zamagiya anyamule ufa m'zikwama zakumsana, azisinthanaso njinga ndi anzawo pa zikweza zazitali. Lachiwiri, oyenda pang'onopang'ono azikhala patsogolo, kumbuyo kwa wotsogolera njira, ndipo wamphamvu kuposa onse azikhala womaliza, atanyamula pampu, masipanala ndi mabandeji. Lachitatu, nthawi yopuma iziwerengedwa kuyambira pamene womaliza wafika. Lamulo lachitatuli ndi limene linasintha zambiri, chifukwa tsiku loyamba amphamvu ndi amene ankapuma nthawi yaitali, ndipo wotopetsetsa akangofika, asanamwe n'komwe madzi, anzake ankanyamuka. Akuluakulu amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo ife tinawonjezapo kuti n'kupumiranso limodzi.

Sindikufuna kuti muganize kuti mnyamata woyankhula uja anali woipa mtima. Njinga yake anaigula ndi ndalama za ganyu zimene anasunga kwa nthawi yaitali, ndipo ulendowu anaudikira ngati mwayi woti aone m'mene njingayo ingathamangire m'mapiri. Kumuuza kuti akhale womaliza kunali kumulanda chinthu chimene anachivutikira. Komanso kupalasa pang'onopang'ono kumbuyo kwa anzako, ukudya fumbi lawo, kumatopetsa munthu wamphamvu m'njira yakeyake. M'mawa wonse wa tsiku lachiwiri sanayankhule ndi munthu. Koma malo ake sanawasiye, ndipo ine ndimaona kuti kumvera kotere, kochitika mtima usanavomereze, n'kolemera kuposa kumvera kwa munthu amene sanataye kanthu.

Tsiku lachiwirilo tinabwerera chakummwera, tikudutsa m'njira za m'midzi pofuna kupewa magalimoto a mu msewu waukulu wa M1. Mphepo ya mwera inkatiwomba kumaso, moti ngakhale potsetsereka tinkapalasa. Matayala anaphwa kanayi, ndipo nthawi iliyonse mwini njinga ankamata yekha anzake akumuyang'anira, kuti luso lisakhale la munthu mmodzi. Tinadutsa madimba a kachewere, kabichi ndi nsawawa, mbewu zimene zimakonda kuzizira kwa malo okwera, ndipo amayi othirira ankaimika ntchito n'kumatifunsa kumene tikupita ndi mapoto. Tinafika ku Bembeke dzuwa litapendeka, tonse pamodzi, womaliza atatsalira ndi mphindi zochepa chabe.

Bembeke ndi kumene kuli tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya Dedza, dayosizi imene episkopi wake woyamba anali Ambuye Cornelius Chitsulo, amene mu 1957 anakhala m'Malawi woyamba kudzozedwa uepiskopi mu Mpingo wa Katolika. Amishonale a ku Mua anatsegula malowa ngati kopumulirako, kuthawa kutentha ndi malungo a m'chigwa cha nyanja. Usiku umenewo tinamvetsa chifukwa chake: udzudzu kunalibe, koma chisanu chinalowa m'mabulangete mpaka ena anadzuka pakati pa usiku kukasonkhanso moto.

Tsiku lachitatu linali lotsika. Kuchokera ku Bembeke kukafika ku Mua munthu amatsika mamita pafupifupi 1,000, kutsetsereka m'mphepete mwa chigwa chachikulu cha Rift Valley, m'mene muli nyanja ya Malawi. Achinyamata ankaganiza kuti limeneli ndiye tsiku lopuma, koma kwa wophunzira, mtsetse ndi woopsa kuposa chikweza. Wotopa pa chikweza amangoima, pamene njinga yolemedwa ikathawa pa mtsetse siimvanso mwini wake. Tisananyamuke tinayesa mabuleki a njinga iliyonse ndi kumanganso katundu. Tinakumbutsana kuti buleki imagwiridwa munthu asanalowe pokhota, kuti kufinya mwadzidzidzi buleki yakutsogolo pa timiyala kumatereretsa gudumu, ndiponso kuti kugwira mabuleki osalekeza pa mtsetse wautali kumatenthetsa chitsulo cha gudumu ndi kudya mphira, choncho tiziima pafupipafupi. Tinagwirizananso kuti kutsika pa njinga n'kuyenda wapansi si manyazi, ndipo malo ambiri tinayendadi wapansi, njinga ili pambali, thupi likuibweza.

Ngakhale zinali choncho, mnyamata wina wa pakati pa mzere analowa pokhota ali ndi liwiro, gudumu lakutsogolo linaterereka, ndipo anagwa n'kusupuka bondo ndi chikhatho. Mahandulo a njinga yake anapotoka. Amene anali patsogolo sanamve kanthu chifukwa cha phokoso la miyala. Amene anamupeza anali womaliza uja, ali ndi mabandeji ndi masipanala m'chikwama. Anatsuka bala ndi madzi abwino, analimanga, anawongola mahandulo atapana gudumu ndi mawondo, naimba belu mpaka tonse tinaima. Akanakhala kuti anatsogola monga tsiku loyamba, zipangizo zonse zikanakhala zili kunsi kwa phiri, wovulala ali yekha pamwamba. Kuyambira pamenepo sindinamvenso wina akudandaula za malo a kumbuyo.

Chapakati pa chiphedicho tinakumana ndi bambo wina akukankha njinga chokwera, atamanga madengu awiri a usipa wouma. Thukuta linali litanyowetsa malaya ake onse. Titapatsana moni, anayang'ana mapoto ndi mabulangete athu nafunsa: "Kodi kwagwanji kunyanjaku, ana anga?" Mtsikana wina anayankha kuti: "Palibe chagwa, bambo, tikungoyenda." Bamboyo anaseka mpaka anatsamira chishalo, nati: "Kungoyenda? Ndiye kuti mphamvu muli nazo zotaya." Anatiuza kuti ananyamuka m'bandakucha, kuti nsombazo akagulitsa kumtunda, ndipo pobwerera adzatsika ndi thumba la kachewere. Anatilozeranso makona awiri a kutsogolo amene iye mwini satsika atakwera. Anyamata atatu anasiya njinga zawo namuthandiza kukankha mpaka pokhota pa pamwamba, ndipo pobwerera anali wefuwefu, osakhulupirira kuti munthu mmodzi amakweza katundu wotere phiri lonse.

Mawu a bamboyo anatitsata mpaka kunsi. Analibe chipongwe, koma anali oona: msewu umene ife tinauyenda mwa kufuna kwathu, iye amauyenda chifukwa ana ayenera kudya. Sindikhulupirira kuti tiyenera kuchita manyazi ndi ulendo wathu, pakuti kupuma ndi kuona dziko n'zoyenera munthu aliyense, wosauka yemwe. Koma munthu amene walawa chikweza ndi miyendo yake sayeneranso kukhala monga analili. Mmodzi wa anyamata okankha aja ananena yekha madzulo kuti sadzanenereranso mtengo mpaka kumufinya wa kabaza amene wamukweza chitunda, kapena mayi wogulitsa usipa pa msika wa Dedza, popeza tsopano akudziwa njira imene nsombayo yadzera.

Tikutsika, dziko linkasintha tikuona. Mitengo ya paini ya ku Dedza inali itatsala kumbuyo, tinadutsa m'nkhalango ya mitengo yachilengedwe ya mombo ndi tsamba, yodukaduka ndi nkhwangwa za ootcha makala, ndipo kunsi tinayamba kuona milambe. Majuzi tinavula mmodzimmodzi, pakuti mpweya umatentherako ndi madigiri pafupifupi 6 munthu akatsika mamita 1,000. Nyanja inkaoneka patali ngati chitsulo chonyezimira. Tinafika ku Mua chakumadzulo, fumbi lili mpaka m'nsidze, ndipo tinakatsuka miyendo ku mtsinje wa Nadzipokwe. M'mawa mwake tinayendera malo a zachikhalidwe a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa mu 1976, ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chamare, yofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Achinyamata anazindikira m'menemo zina mwa zilombo zimene anaziona zitajambulidwa pa thanthwe ku Chongoni. Pobwerera tinakweza njinga pa lole yodzera ku Golomoti ndi msewu wa phula wa Khwekhwelere, ndipo phiri limene tinalitsika tsiku lathunthu, injini inalikwera ife tikuwodzera.

Tsono phindu lake linali chiyani? Choyamba, ambirife dziko lathu timalidziwa kudzera pa zenera la minibasi, ndipo malo amene ali kutali ndi phula timawayesa opanda kanthu. Pa njinga munthu amamva kununkhira kwa dimba, amapereka moni, amafunsa njira, amapempha madzi pa mjigo. Amamvetsa ndi thupi lake chifukwa chimene kachewere amalimidwa ku Bembeke pamene milambe imamera ku Mua, ndi chifukwa chimene usipa umakwera mtengo ukafika pamwamba pa phiri. Amaonanso zitsa za mitengo ndi maenje a makala, zimene pa galimoto zimangodutsa ngati mthunzi. Munthu sangasamale dziko limene sanaliyende.

Chachiwiri chikukhudza magulu athu. Mu kwaya kapena pa msonkhano wa mphakati n'kosavuta kunena kuti ndife amodzi, chifukwa mawuwo salipiritsa kanthu. Pa msewu wafumbi kusiyana kwathu kumawerengeka ndi mphindi, ndipo umodzi umakhala ndi mtengo umene wamphamvu ndi amene amaulipira. Ndikukhulupirira kuti m'gulu lililonse, m'kalasi, m'banja ngakhale m'komiti ya achinyamata, muli wina amene amafika mochedwa chifukwa wanyamula ufa wa anthu onse: amene amayamba waphikira ang'ono ake, wasamalira agogo odwala, kapena wayenda mtunda wautali wapansi. Tisanamunene kuti ndi waulesi, tiyambe tamasula katundu n'kuona amene wasenza chiyani. Ndipo akafika, tisanyamuke asanapume.

Chachitatu n'chokhudza mtsikana uja. Anafika ku Mua ndi miyendo yake, pa njinga ya atate ake, ndipo anaibweza ili ndi mphira zatsopano za mabuleki ndi tcheni chothira mafuta. Ndinamva kuti atate akewo anaizungulira njingayo kawiri, anayesa mabuleki, naikankhira m'nyumba osanena zambiri. Koma ang'ono ake awiri aja alembetsa kale maina awo pa ulendo wa chaka chamawa, ndipo kalata yowaloleza yasainidwa ndi bambo yemweyo.

Kwa magulu a m'nthambi zina amene mwakhala mukufunsa m'mene mungayambire, malangizo anga ndi awa. Yendani nthawi ya chilimwe, misewu isanasanduke matope. Pemphani chilolezo kwa makolo ndi kwa Bambo Mfumu, ndipo tumizani uthenga kwa mafumu ndi atsogoleri a kumene mukagone masiku asanakwane, pakuti safunsa anadya phula. Mtunda wa tsiku limodzi muuyeze ndi mphamvu za wofooka pa onse, ndipo muzifika dzuwa lisanalowe, chifukwa njinga zathu zambiri zilibe nyali. Valani zovala zowala, ndipo amene angapeze chipewa choteteza mutu avale. Musadikire kuti mudzakhale ndi njinga zamagiya. Yakuda ya amalume ikwanira, malinga mabuleki ali bwino. Mukabwereka njinga imene imadyetsa banja, sonkhani kangachepe kobwezera masiku amene yakhala osagwira ntchito, ndipo muibweze ili bwino kuposa m'mene munaitengera.

Amene mukufuna kuphunzira kumata chubu ndi kukonza mabuleki, tikumane pa bwalo la parishi Loweruka m'mawa, aliyense ndi njinga yake. Atsikana mubwere ambiri. Ambuye akusungeni m'sabata yonseyi.